John Chilembwe, mwana wasukulu amene ena adamulipirira fizi

Sabata yotsegulira semesita ino ndidaima pamzere wakubanki nditagwira envulopu ya fizi. Ndalamazo zidali za mapepala a K2,000, zina zothimbirira chifukwa zidadutsa pamsika wa Lunzu pomwe mayi anga amagulitsa tomato ndi anyezi, zina zatsopano zochokera kwa amalume. Poti mzere udali wautali, ndidatulutsa pepala limodzi n'kuyamba kuliyang'anitsitsa. Kutsogolo kuli nkhope ya Mbusa John Chilembwe, kumbuyo kuli nyumba za yunivesite ya sayansi ya MUST ya ku Thyolo. Nkhope yomweyo ilinso pa K500.

Tonse tidaphunzira za a Chilembwe ku pulayimale. Timadziwa kuti adaukira atsamunda mu 1915, ndipo pa 15 Januwale chaka chilichonse dziko limapuma powakumbukira. Koma mbali ina ya moyo wawo sitiikamba kawirikawiri, ngakhale imatikhudza kwambiri ife amene timavutika ndi fizi. A Chilembwe adali mwana wa m'mudzi amene makolo ake sakadatha kumutumiza kukoleji. Adaphunzira ndi ndalama za anthu ena, anthu osauka a kutsidya kwa nyanja amene sadaonepo phiri la Chiradzulu. Atabwerako adakhala zaka 15 akubweza ngongoleyo kwa ana a anthu ena, ndipo mwa zonse zimene adachita, ntchito imeneyi ndi imene mfuti za boma zidalephera kuithetsa.

Kuchokera ku Chiradzulu kufika ku Mitsidi

A Chilembwe adabadwira ku Sangano m'boma la Chiradzulu cha m'ma 1871. Bambo awo a Kaundama adali Myao, mayi awo a Nyangu adali Mmang'anja. Nthawi imeneyo malonda a akapolo adali asanathe m'mapiri a Shire, ndipo mabanja ambiri ankasamukira kufupi ndi mishoni ya Blantyre, imene Asikotishi adaikhazikitsa mu 1876, pofuna chitetezo. Banja la a Chilembwe lidakhalako ku Chilomoni, ndipo kumeneko mnyamatayu adalowa sukulu ya mishoni n'kuphunzira kuwerenga, kulemba ndi Chingerezi pang'ono.

Mu 1892 ku Blantyre kudafika mzungu wina wachilendo m'machitidwe ake, dzina lake Joseph Booth. Adali Mngerezi amene adakhalako ku Australia, mkazi wake adali atamwalira, ndipo adabwera ndi mwana wake wamkazi wamng'ono, Emily. Booth sadagwirizane ndi amishoni amene adawapeza. Iye ankati mishoni iyenera kudziimira payokha polima ndi kuphunzitsa ntchito zamanja, ankalipira antchito ake ndalama zambiri kuposa azungu anzake, ndiponso ankanena poyera kuti Afirika ndi ya anthu a mu Afirika. Adayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, kufupi ndi phiri la Michiru, phiri lomweli limene anthu a ku Chileka amaliona akatuluka m'nyumba m'mawa.

Mnyamata wa ku Chilomoni uja adapita kwa Booth kukapempha ntchito yapakhomo. Adayamba ndi kuphika ndi kusesa, kenaka adakhala womasulira. Pamene Emily adadwala malungo kwambiri bambo ake ali paulendo, amene adamusamalira ndi John, ndipo Emily atakula adalemba za chifundo chimenecho m'buku la zikumbutso zake. Pa 17 Julaye 1893 Booth adabatiza John Chilembwe, ndipo iye adakhala woyamba kubatizidwa pamishoni imeneyo.

Kumbukirani kuti m'dziko muno mudalibe sukulu ya sekondale m'masiku amenewo. Blantyre Secondary School, yoyamba m'Nyasaland, idatsegulidwa mu 1940, ndipo yunivesite idayamba kulandira ophunzira mu 1965. Mnyamata wanzeru wa m'ma 1890 akapitirira kwambiri ankathera pa uphunzitsi wa m'mudzi, ukalaliki wa m'sitolo ya Mandala kapena ukapitawo wa pamunda wa mzungu. A Chilembwe akadathera pomwepo, akutanthauzira mawu a anthu ena mpaka ukalamba.

Amene adapereka ndalama

Mu Januwale 1897 Booth, a Chilembwe ndi anzawo ena adakhazikitsa kabungwe kotchedwa African Christian Union, kofuna kuti anthu akuda alandire maphunziro ndi ufulu wofanana ndi wa azungu. Chaka chomwecho Booth adatenga a Chilembwe kupita nawo ku Britain, kenaka ku America. Booth adalibe ndalama zolipirira munthu koleji. Chimene adatha kuchita ndi kumufikitsa pakhomo pa anthu amene akadatha kuthandiza.

Anthuwo adali Abaptisti achikuda a ku America, amene mu 1895 adagwirizana n'kupanga National Baptist Convention. Mlembi wa nthambi yawo yotumiza amishoni kunja, Mbusa Lewis G. Jordan, adalandira a Chilembwe ndipo adawapezera malo ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Apa njira za anthu awiriwa zidasiyana: Booth adapitiriza maulendo ake, ndipo a Chilembwe adatsala m'manja mwa anthu a khungu lawo.

Ndi bwino tidziwe kuti anthu amenewa adali ndani. Ukapolo udatha ku America mu 1865, zaka 32 zokha a Chilembwe asanafike. Ambiri mwa akuluakulu a m'mipingo imeneyi adabadwira mu ukapolo, ndipo Mbusa Jordan mwiniwake adali mmodzi wa iwo. Akhristu wamba adali olima m'minda ya eni, amayi ochapa zovala za azungu, onyamula katundu pasiteshoni ya sitima. Kum'mwera kwa America malamulo a tsankho ankawaletsa kukwera ngolo imodzi ya sitima ndi azungu, ankawatsekereza kuvota, ndipo anthu akuda ankaphedwa ndi magulu achiwembu popanda mlandu kuzengedwa. Ana awoawo ankasowa sukulu. Komabe mbale ya chopereka ikamadutsa Lamulungu, ankaponyamo timakobiri toti tikaphunzitse mnyamata wa kudziko limene ambiri sakadatha kuliloza pamapu.

Koleji ya ku Lynchburg nayonso idamangidwa ndi timakobiri totere. Abaptisti achikuda a m'chigawo cha Virginia adaiyambitsa mu 1886. Mkulu wake panthawi ya a Chilembwe, Gregory W. Hayes, ankalimbikira kuti kolejiyo iziyendetsedwa ndi kulipiriridwa ndi anthu akuda eni ake, ngakhale zimenezi zidachititsa kuti ataye thandizo la mabungwe a azungu. Choncho kwa zaka pafupifupi ziwiri a Chilembwe ankaphunzira Baibulo ndi maphunziro ena m'makalasi, komanso tsiku ndi tsiku ankaona ndi maso awo kuti anthu osauka akasonkha pamodzi angathe kumanga koleji ya njerwa, kulemba aphunzitsi ndi kutulutsa abusa ndi aphunzitsi awoawo. Kolejiyo ilipo mpaka lero, dzina lake tsopano ndi Virginia University of Lynchburg.

Kubwerera kwawo

Munthu atadzozedwa ubusa ku America, akuyankhula Chingerezi bwino, akadatha kupeza mpingo kumeneko n'kukhazikika. A Chilembwe adabwerera kumudzi mu 1900. Mothandizidwa ndi National Baptist Convention adagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu ndipo adayambitsa Providence Industrial Mission, imene tonse timaitcha PIM.

Dzinalo likunena zimene ankafuna. Mawu akuti Industrial ankatanthauza kuti mwana asamangophunzira kuwerenga ndi kuwerengera, koma atuluke ndi luso m'manja. Ku Mbombwe anthu ankaumba ndi kuotcha njerwa, ankamanga, ankalima thonje ndi khofi. Akazi awo, mayi Ida Chilembwe, ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. A Chilembwe ankadandaula kwambiri ndi atsikana okwatiwa adakali aang'ono, ndipo ankafuna kuti mtsikana aphunzire monga mnyamata. Ankalimbikitsa ukhondo, kuvala bwino ndi kupewa mowa. Zithunzi zakale za PIM zimaonetsa amayi atavala madiresi aatali osokedwa pomwepo, abambo ali m'majekete. Ena angaseke kuti kudali kutsanzira azungu, koma m'dziko limene munthu wakuda ankakalipiridwa chifukwa chovala chipewa kapena nsapato pamaso pa mzungu, kuvala chotero kudali kunena kuti ifenso ndife anthu.

Anthu aja a ku America sadalekere pa fizi. Mu 1901 adatumiza Mbusa Landon N. Cheek, ndipo mu 1902 adatumiza mayi Emma B. DeLaney a ku Florida, amene adaphunzira ku Spelman Seminary mumzinda wa Atlanta. Awiriwa adathandiza kumanga ndi kuphunzitsa mpaka cha m'ma 1906. Kudzera mwa iwo a Chilembwe adatsegulira ena khomo limene iwo adalowera. Ana awiri a Duncan Njilima, wamalonda wa m'derali, adapita kukaphunzira ku America. Mnyamata winanso wa pasukulu ya Mbombwe, Daniel Malekebu, adatsatira mayi DeLaney. Dzina limeneli mulisunge, tikumana nalonso.

Pofika 1912 PIM idali ndi masukulu 7 ndi ana pafupifupi 1,000, kuphatikizapo akuluakulu mazanamazana amene ankabwera kudzaphunzira kuwerenga. Ambiri mwa iwo adali Alomwe amene ankathawa nkhanza ndi njala ku Mozambique n'kudzakhala m'minda ya azungu, anthu amene padalibe wowaganizira za sukulu. Mu 1913 adamaliza tchalitchi chachikulu cha njerwa, chimodzi mwa nyumba zokongola m'dziko muno panthawiyo, chomangidwa ndi manja a anthu akuda. Tikawerenga bwino, thandizo la fizi la munthu mmodzi kwa zaka ziwiri lidabala malo a sukulu a ana chikwi. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika, ndipo amayi ochapa zovala a ku Virginia adaika chuma chawo ku Chiradzulu osadziwa.

Mnzawo wa ku Chileka

Kwa ife a kuno ku Blantyre kumudzi, nkhani ya a Chilembwe ili ndi nthambi imene idamera pakhomo pathu. Mmodzi mwa anzawo a ku Mitsidi, amenenso adali nawo mu African Christian Union, adali a Morrison Malinki. Iwowa sadapite ku America. Maphunziro amene adapeza kumishoni adawatenga n'kukatsegula masukulu awoawo m'midzi ya ku Chileka, kuphatikizapo ya ku Monekera, popanda mzungu wowatuma.

Booth uja adayambitsanso mishoni ina ku Thyolo yotchedwa Plainfield, ndipo mu 1902 mpingo wa Seventh-day Adventist udaigula. Mmishoni woyamba kukhazikika pamenepo adali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, ndipo mwana wake Mabel ndiye ankaphunzitsa sukulu. Mu 1907 malowo adatchedwa Malamulo. A Malinki adagwirizana ndi Branch, masukulu awo a ku Chileka adalowa m'ntchito ya mpingowu, ndipo iwo pambuyo pake adadzozedwa ubusa. Mwana wawo James Malinki adakatsegula ntchito kumpoto, ku Luwazi ndi ku Lunjika.

Choncho anthu awiri amene adakumana pakhomo pa Booth adachita chinthu chimodzi m'maboma awiri: aliyense adatenga kamaphunziro kamene adalandira n'kukagawira ana a m'mudzi. Njira zawo zidadzasiyana mu 1915.

Zaka zowawa

Kuyambira cha m'ma 1910 zinthu zidayamba kuwathina a Chilembwe. Thandizo la ku America lidachepa, ngongole zidachuluka, aphunzitsi ankafuna malipiro. Iwo eni ankadwala mphumu, maso adayamba kuchita khungu, ndipo mwana wawo wamkazi adamwalira. Njala ya 1912 ndi 1913 idasautsa anthu, pomwe boma lidakweza msonkho wa nyumba.

Choopsa kwambiri chidali kwa anansi awo. Malo a PIM adayandikana ndi minda ikuluikulu ya A. L. Bruce ku Magomero, imene woyang'anira wake adali William Jervis Livingstone. Anthu okhala m'mindayi ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala, ndipo miyezi yogwira inkatalikitsidwa mwachinyengo, malipiro osaoneka, chikoti chili pamsana. Eni mindayo sankafuna sukulu pamalo pawo, chifukwa munthu wodziwa kuwerenga amatha kuwerenganso masiku amene wagwira. Akhristu a PIM akamanga kachisi wa udzu, amenenso ankakhala sukulu pakati pa sabata, Livingstone ankatuma anthu kukatentha. Kwa munthu amene moyo wake wonse udali wobweza mphatso ya maphunziro, kuona makalasi akupsa kudali kulasidwa pamtima.

Nkhondo yaikulu ya dziko lonse itayamba mu 1914, asilikali akuda adafa ku Karonga mu Seputembala pomenyana ndi Ajeremani, ndipo anthu ambiri adatengedwa kukanyamula katundu wa nkhondo. Mu Novembala a Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yofunsa chifukwa chimene amphawi, amene pamtendere sawerengedwa ngati anthu, ayenera kufera nkhondo ya eni chuma n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Boma lidaletsa kalatayo kufalitsidwa.

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu a a Chilembwe adaukira. Ku Magomero adapha Livingstone n'kumudula mutu, ndipo azungu ena awiri adaphedwa m'dera lomwelo. Akazi ndi ana a azungu sadawapweteke, potsata lamulo la a Chilembwe. Gulu limene lidapita ku Mandala kukalanda mfuti lidabwerako ndi zochepa. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ya Nguludi idatenthedwa. Mafumu ndi anthu a m'maboma ena amene ankayembekezeka kudzuka sadadzuke. Pa 3 Febuluwale 1915 a Chilembwe adawomberedwa ndi apolisi m'dera la Mulanje akulowera ku Mozambique.

Chilango chidali chachikulu. Anthu pafupifupi 40 adanyongedwa kapena kuwomberedwa, ena pafupifupi 300 adaponyedwa m'ndende, midzi idatenthedwa. Duncan Njilima adaphedwa ana ake ali kusukulu ku America. Tchalitchi cha njerwa chija adachigwetsa ndi mabomba. Masukulu onse a PIM adatsekedwa. Boma lidayamba kukayikira mpingo uliwonse umene udakhudzanapo ndi Booth, ndipo a Malinki, ngakhale adakana kulowa nawo m'kuukirako, adagwidwa chifukwa cha ubwenzi wawo wakale, kenaka adamasulidwa n'kubwerera kumasukulu awo.

Ine monga wophunzira zauphunzitsi gawo limeneli limandivuta. Nkhanza za thangata zidali zenizeni, ndipo a Chilembwe adayamba ayesa kudandaula ndi kulemba makalata, osamvedwa. Kulimba mtima kwawo kudadzakhala nyali ya amene adamenyera ufulu wa 1964. Koma n'zoonanso kuti magazi adakhetsedwa, mabanja a mbali zonse adalira, ndipo m'mawa wina ana chikwi adadzuka opanda sukulu. Mwana amene adali ndi zaka 8 mu 1915 adafika zaka 19 chitseko cha Mbombwe chisanatsegulidwenso. Sindikufuna kuweruza munthu amene adaona zimene ine sindidaone. Ndikungoti powerenga mtengo wa 1915, ana amenewa tiziwawerengeranso.

Mbewu imene idatsala

Mnyamata uja Daniel Malekebu adali atachoka kwawo makolo ake osafuna. Adayenda mpaka ku Beira, adagwira ntchito m'sitima yapamadzi kuti awoloke, ndipo adafika ku America. Mayi DeLaney ndi mipingo yomwe ija ya Abaptisti achikuda adamuthandiza kulowa sukulu. Adaphunzira ku Selma m'chigawo cha Alabama, ndipo mu 1917 adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville. Iye ndiye amadziwika kuti ndi Mmalawi woyamba kukhala dokotala wa digiri, zaka 20 Kamuzu Banda asanamalize pakoleji yomweyo mu 1937.

Dokotala wakuda ku America sakadasowa odwala. Koma a Malekebu adachita zimene mphunzitsi wawo adachita. Adakwatira mayi Flora Zeto, wobadwira ku Congo amene adaphunziranso ku Spelman, ndipo awiriwa adanyamuka kubwerera kuno. Poyamba boma la atsamunda lidawakaniza kukhala, poopa kuti abweretsa mzimu wa 1915, choncho adakagwira ntchito ku Liberia. Mu 1926 adaloledwa, ndipo adatsegulanso PIM pamabwinja a Mbombwe. Adamanga tchalitchi china, sukulu ndi chipatala, ndipo adatumikira zaka zambiri mpaka adamwalira mu 1978. Tchalitchi chimene akuluakulu a boma amasonkhanamo pa 15 Januwale ndi cha m'nthawi ya a Malekebu.

Boma lidatha kugwetsa njerwa za a Chilembwe, koma silikadatha kuchotsa zimene zidalowa m'mutu mwa mwana mmodzi amene adadutsa m'kalasi mwawo. Unyolo wake ndi uwu: amayi ndi abambo osauka a ku Virginia adaphunzitsa John, John adatsegula sukulu imene idalera Daniel, Daniel adabwerera kudzatsegulira ana zikwi amene adabwera pambuyo. Palibe mmodzi mwa iwo amene adabwezera ndalama kwa amene adamupatsa. Aliyense adabwezera kwa wobwera m'mbuyo mwake.

Ifeyo nanga?

Lero zinthu zasintha kwambiri. Boma lili ndi bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, ndipo kuyambira 2015 lakhala likutsegula makoleji a ntchito zamanja m'madera, kumene achinyamata amaphunzira kumanga, ukalipentala, kusoka, kuwotcherera zitsulo ndi zamagetsi. Maganizo ake ndi omwe aja a ku Mbombwe, akuti munthu atuluke ndi luso m'manja. Koma aliyense wa ku Lirangwe kapena ku Chileka akudziwa mnzake amene adakhoza Fomu 4, adapeza malo, koma adalephera kupita chifukwa cha fizi, thiransipoti, chakudya kapena zipangizo zophunzirira. Mnzanga wina amene tinkapikisana naye pa masamu kusekondale, lero amayendetsa kabaza pa Lirangwe. Ndikapita kutchuthi ndiye amandinyamulira chikwama, ndipo sitikamba za sukulu. Kusiyana kwa iye ndi ine sikudali nzeru. Ine fizi ya Fomu 3 itasowa, amayi a Dorika a kumpingo kwathu adasonkherana, wina K500, wina ndowa ya nandolo, mpaka teremu idatha. Iye padalibe womusonkhera.

Timakonda kuganiza kuti kulipirira mwana sukulu ndi ntchito ya mabungwe akunja, mabanki kapena anthu olemera, ndipo ife tidzayamba tikadzalemera. Mbiri ya a Chilembwe ikutsutsa zimenezi. Amene adawalipirira sadadikire kulemera. Iwo eni adatsegula sukulu ali m'ngongole, ndipo a Malinki adayamba ndi makalasi a udzu m'midzi ya ku Chileka. Ambirife m'kalasi mwathu tili pano chifukwa wina adagulitsa mbuzi, wina adadzimana. Zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi tiyamba kulandira malipiro a uphunzitsi, amene tonse tikudziwa kuti ndi ochepa. Komabe anthu 20 amene adamaliza limodzi, aliyense ataika padera pepala limodzi la K2,000 pamwezi, pachaka apeza K480,000. Ndalama imeneyo singasinthe dziko, koma ingathe kusunga mwana mmodzi kapena awiri pakoleji ya ntchito zamanja mpaka amalize, ndipo sitidziwa kuti mwa iwo Daniel ndi uti.

Mzere wakubanki uja utafika pa ine, ndidapereka envulopu, wapakauntala adawerenga mapepalawo ndi makina n'kundipatsa lisiti. Lisitilo lili ndi dzina langa lokha, koma ndidatuluka ndikuwerenga pamtima anthu amene ndalama zawo zidali mu envulopu imeneyo, ndipo adakwana asanu ndi awiri.